Madzi akadzadza m'chifuwa, dokotala azifunsanso za kunyanja

Munthu akamabanika, nthiti zikumubaya, ndipo ekisileyi ikasonyeza madzi atadzadza pakati pa mapapo ndi nthiti, dokotala kuno kwathu amayamba kuganizira chifuwa chachikulu (TB). Sakulakwa, chifukwa m'dziko muno TB ndiyo imabweretsa vutoli kawirikawiri, makamaka kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Nkhawa yanga ili pa odwala ochepa aja amene makhololo awo sasonyeza kanthu, amamwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa miyezi 6, koma madzi osaphwa. Mwa iwo mukhoza kukhala wina amene gwero la matenda ake ndi nyongolotsi, ndipo iyeyu mankhwala a TB sangamuthandize.

Titenge chitsanzo cha Dedza. Ambiri amati ku Dedza n'kozizira, matenda a kuchigwa sangafikeko. N'zoona kuti tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, koma bomali silithera pamapiri. Ukatsika Khwekhwelere wafika ku Golomoti ndi Mtakataka, kwa Kachindamoto, kumene anthu amalima mpunga pa sikimu ya Bwanje miyendo ili m'madzi, ndipo ena amaweza m'nyanja ya Malawi. Anthu a kumtunda amatsikako kukagula nsomba ndi kukagwira maganyu, n'kusamba m'madzi momwe muli nkhono zofalitsa likodzo. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa limaumitsa chiwindi, mimba imadzadza madzi, ndipo madziwo amatha kukwera mpaka m'chifuwa. Mazira ake akatseka timitsempha ta m'mapapo, mtima umatopa, thupi n'kuyamba kusunga madzi. Mntchetcha nawo, umene timaudziwa ndi kutupa miyendo ndi phudzi, nthawi zina umakafika ku mapapo, ndipo madokotala a ku India apezapo tinyongolotsi take m'madzi opopa m'chifuwa mwa odwala. Ku Cameroon ndi ku Nigeria kulinso nyongolotsi ya m'mapapo yolowa podya nkhanu zosapsa, imene imatsokomoletsa magazi ndendende ngati TB.

Wina anganene kuti mntchetcha tinathana nawo kale. Zoonadi, kuyambira mu 2008 Unduna wa Zaumoyo udagawa ivermectin ndi albendazole m'midzi chaka ndi chaka, ndipo mu 2020 bungwe la WHO lidavomereza kuti matendawa salinso chiopsezo chachikulu m'Malawi. Imeneyi ndi ntchito yonyaditsa ya alangizi a zaumoyo. Koma chilengezocho sichinachiritse aliyense amene adadwala kalekale ku Nsanje, Chikwawa kapena Karonga, ndipo malire a Dedza ndi Mozambique anthu amadutsa tsiku lililonse. Likodzo ndiye likadalipo. Praziquantel amagawidwa kwambiri m'sukulu, pomwe msodzi wa zaka 40 ndi mayi wowokera mpunga amaphonyedwa mosavuta.

Ndiye bwanji osangomwetsa aliyense wa madzi m'chifuwa mankhwala a nyongolotsi, popeza ndi otchipa? Apa ndikukana kwamtuwagalu. Nyongolotsi iliyonse ili ndi mankhwala ake ndi mlingo wake: likodzo limafuna praziquantel wa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumwa kamodzi, pomwe nyongolotsi ya m'mapapo ija imafuna mamiligalamu 25 pa kilogalamu iliyonse, katatu patsiku kwa masiku awiri. Mankhwala a DEC, amene amathandiza mntchetcha ukagwira mapapo, ndi oopsa kwa munthu amene ali ndi nyongolotsi yoyabwitsa khungu ndi kuwononga maso, yofala ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza. N'chifukwa chake dziko lathu lidasankha ivermectin. Kuwonjezera apo, piritsi limapha nyongolotsi koma silikonza chiwindi chouma kale, ndipo madzi akachuluka amafunika kupopa kuchipatala. Choopsa koposa n'chakuti munthu wa TB akagula mapiritsi pamsika, n'kuyembekeza kuchira, amataya masabata akupatsira ana ake m'nyumba.

Chimene ndikupempha sichidya ndalama zambiri. TB iyezedwe poyamba ndithu, ndi makina a GeneXpert. Koma wodwala akapanda kusintha, afunsidwe kumene wakhala, ntchito imene amagwira ndi madzi amene amasamba. Mkodzo ndi chimbudzi ziyezedwe pa maikulosikopu, magazi awerengedwe kuti aone ngati maselo olimbana ndi nyongolotsi achuluka, ndipo madzi opopawo asatayidwe asanaunikidwe. Zikavuta, chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe si patali. Inunso odwala ndi odwazika, musadikire kufunsidwa: ngati mudalimapo mpunga ku Bwanje, mudawezapo kunyanja kapena mudakodzapo magazi muli mwana, muuzeni dokotala tsiku loyamba lomwelo.