Masewera a pa foni: olumala akutsalira panja

M'misika ya Ulónguè ndi Tsangano si zachilendonso kuona achinyamata ataunjikana pa foni imodzi akusewera Free Fire kapena Ludo King. Koma amene saona, samva, kapena ali ndi dzanja limodzi logwira ntchito, nthawi zambiri amangokhala oonerera.

Taganizirani za bawo. Munthu wosaona amatha kusewera, chifukwa amakhudza maenje n'kuwerenga nkhomo ndi zala. Galasi la foni lilibe chogwirika chotero. Mafoni a Android ali ndi pulogalamu yotchedwa TalkBack, ya iPhone ndi VoiceOver, ndipo zimawerenga mokweza zolembedwa. Vuto n'lakuti masewera ambiri amajambulidwa ngati chithunzi chimodzi, choncho pulogalamuyo siidziwa pamene pali batani. Imangokhala chete.

Zina n'zosavuta kukonza: zilembo zazikulu, mawu olembedwa m'munsi kwa osamva, kunjenjemera kwa foni m'malo mwa phokoso, mabatani osunthika kuti chala chimodzi chikwanire. Candy Crush inapatsa maswiti ake maonekedwe osiyana, osati mitundu yokha, ndipo wosatha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira amasewerabe.

Kunja zinthu zayamba kusuntha. Mu 2025 makampani monga Google, Microsoft, Nintendo ndi Ubisoft anagwirizana pa zizindikiro 24 zouza wogula zimene sewero lili nazo zothandiza olumala. Chaka chomwecho Apple inalengeza zizindikiro zofanana mu App Store. Kwa ife zimenezi n'zofunika kuposa mmene zikuonekera. Mlimi amene wagula ma mega a Movitel kapena Vodacom ndi ndalama ya mbatata ayenera kudziwa asanatsitse sewero ngati mwana wake angathe kulisewera. Ma mega akapita, apita.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu oposa 700,000 m'Mozambique ali ndi ulumali, ndipo ena mwa iwo anavulazidwa ndi mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa olumala mu 2012, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo lowateteza. Koma lamulo la ku Maputo silingalamule kampani ya ku Singapore kapena India. Chimene mabungwe monga FAMOD ndi ACAMO angachite msanga, mothandizana ndi sukulu ndi wailesi, ndi kuphunzitsa mabanja kutsegula TalkBack ndi kukulitsa zilembo, popeza zimenezi zili kale m'foni ndipo sizifuna ngakhale metikali imodzi.