Ufulu Wosamuka Aupeza, Nanga Digiri?

Ku America mpira wa manja wochedwa basketball sumaseweredwa ndi makalabu okha ai. Mayunivesiti oposa 350 a m'gulu lapamwamba ali ndi matimu ao, ndipo bungwe la NCAA ndilo liwayang'anira. Ndalama zace n'zoopsya. M'caka ca 2016 makampani a wailesi ya kanema a CBS ndi Turner analonjeza madola 8.8 biliyoni kuti apitirize kuonetsa mpikisano wa mwezi wa Marichi kufikira 2032. Oponya mpirawo ndi ana a sukulu, ndipo ena mwa iwo ndi ana a mu Africa muno. Malemu Dikembe Mutombo anacoka ku Kinshasa, nasewera pa yunivesiti ya Georgetown, natenga digiri yace mu 1991. Cifukwa cace nkhaniyi si ya eni ace okha.

Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mnyamata wocoka pa yunivesiti ina kunka pa ina akhale caka cathunthu wosasewera. Akuluakulu a NCAA ankati cakaco n'comuthandiza kuzolowera malo atsopano ndi kusamala mabuku. Mau okoma ndithu, koma lamulolo linkagwira masewera owerengeka okha, makamaka obweretsa ndalama. Wothamanga kapena wosambira ankatha kusamuka kamodzi osadikira. Kodi iwowa analibe mabuku? Mphunzitsi wa timu naye, wolandira mamiliyoni, ankasiya anyamata lero, mawa nayamba nchito kwina.

Lamulolo linagumuka pang'onopang'ono. Mu 2018 anatsegula kaundula momwe wosewera amalembetsa kuti afuna kucoka, kuti masukulu ena amuone. Mu 2021 analola kusamuka kamodzi popanda kudikira, ndipo caka comweco osewera analoledwa kulandira ndalama posatsa malonda ndi dzina lao. Kumapeto kwa 2023 woweruza John Preston Bailey wa ku West Virginia analetsa NCAA kukhazika pansi osamuka kaciwiri, ndipo mu 2024 bungwelo linagonja: wosewera asamuke kangati konse, malinga ngati maphunziro ace ali bwino. Mu 2025 khoti linabvomereza kuti yunivesiti iriyonse izitha kugawira osewera ace madola ofika 20.5 miliyoni m'caka coyamba.

Ife sitilira maliro a lamulo lakalelo. Munthu amene thukuta lace lilemeretsa ena ayenera kukhala ndi ufulu wocoka pamene sakumusunga bwino. Cotidetsa nkhawa ndi cimene citayika pa njira.

Maphunziro sanyamulidwa monga katundu wa m'thumba. Yunivesiti yolandira mwana imasankha yokha maphunziro ace akale amene idzawerenge, enawo niwataya, ndiponso masukulu ambiri amafuna kuti gawo lina la digiri licitikire pa iwo pomwepo. Ofesi yofufuza nchito za boma la America, ya GAO, inapeza mu 2017 kuti ophunzira osintha sukulu ankataya pafupifupi magawo 43 pa 100 a zimene anakhoza kale. Ciwerengeroci n'ca ophunzira onse, osati osewera okha, koma cisonyeza bwino zimene zimgwera mnyamata wobvala malaya a matimu anai m'zaka zinai. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Ligi yaikulu ya NBA imasankha anyamata pafupifupi 60 okha pa caka, ena mwa iwo ocokera ku maiko akunja, pamene osewera m'mayunivesiti ali zikwi. Otsalawo ena akasewera kutsidya kwa nyanja zaka zocepa, koma ambiri adzafunsira nchito ndi pepala la sukulu.

Ena adzati mayunivesiti adziwa okha kusamala ana ao. Mbiri ikana. Kevin Ross anasewera zaka zinai pa yunivesiti ya Creighton, nacokapo mu 1982 asakudziwa kuwerenga bwino, kotero kuti anakakhala pamodzi ndi tiana pa sukulu ina ya ku Chicago. Lipoti la mu 2014 linaulula kuti pa yunivesiti ya North Carolina ophunzira oposa 3,000, pafupifupi theka lao osewera, anapatsidwa mamalikisi m'makalasi amene sankakumana konse, kucokera 1993 mpaka 2011. NCAA sinapereke cilango pa makalasiwo. Pamene cilango cinaperekedwa, monga mu 2013 pamene timu ya Connecticut inaletsedwa kulowa mpikisano wa Marichi cifukwa ca kufooka kwa maphunziro, masukulu onse anachera khutu.

Ngakhale kawerengedwe ka omaliza digiri kali ndi ciboo. Mnyamata akacoka maphunziro ace ali bwino, NCAA imamfafaniza pa ciwerengero ca sukulu yakale. Akafika pa yatsopano, amalembedwa pamenepo. Koma alipo amene amalembetsa m'kaundula uja osapeza owatenga, malo ao akale atapatsidwa kale kwa wina. Ameneyo sakhalanso mlandu wa sukulu iriyonse, ndipo ziwerengero zimaoneka zosalala.

Tiyamikira kuti kuyambira 2022 yunivesiti yotenga wosamuka pa thandizo la fizi iyenera kupitiriza kumlipirira ngakhale atacotsedwa pa timu, kufikira atamaliza digiri kapena nthawi yace yosewera itatha. Koma fizi siibweza maphunziro otayika. Tipempha kuti mnyamata asanasaine, yunivesiti yomuitana impatse kalata yonena poyera kuti pa maphunziro ace akale idzawerenga angati, ndi kuti kwamtsalira zaka zingati kuti abvale mkanjo, kuti makolo ace, kaya ali ku Chicago kaya ku Kinshasa, aiwerenge asanamlole. NCAA nayo izilondola wosewera aliyense kufikira kumene wathera, nilengeze caka ndi caka kuti mwa osamuka kawiri kapena katatu ndi angati anatenga digiri, ndi dzina la sukulu imene inali naye potsiriza.