Botolo lotayidwa ndi ndalama, koma chivindikiro chimatidwe

M'misika ngati ya Limbe, Ndirande ndi Tsoka, mabotolo apulasitiki otha madzi amagulidwa motchipa ndi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira. Botolo lomwelo likhoza kubweretsa phindu loposa apo litasandutsidwa choseweretsa cha makanda.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Botolo loonekera mkati la 500ml litsukidwe ndi sopo, lichotsedwe chipepala, liume bwino. Muikidwe mpunga, nyemba kapena mikanda pang'ono, osadzaza, kuti lizilira mwana akaligwedeza. Lina muikidwe madzi owiritsa atazizira, utoto wa zakudya ndi mafuta ophikira. Poti mafuta sasakanikirana ndi madzi, amayandama n'kumavina, khanda n'kumawatsatira ndi maso. Apo mwana akuphunzira kuona, kumva ndi kugwira.

Msika ulipo. Amayi obwera kusikelo komanso sukulu za mkombaphala amafuna zoseweretsa zotsika mtengo, ndipo mpamba wake ndi wochepa.

Koma malondawa si a munthu wofuna zachidule. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa. Chivindikiro chikatseguka, nyemba imodzi ndi yokwanira kumutsamwitsa. Choncho chivindikiro chimatidwe ndi guluu wamphamvu, chikulungidwe ndi tepi, ndipo wogulitsa ayese kuchipotokola ndi mphamvu zake zonse asanaike botolo pa benchi. Mabotolo omwe munali parafini, mankhwala a mbewu kapena ophera makoswe asayandikire n'komwe, ngakhale atatsukidwa kangati. Timabatire ta wotchi ndi timaginito tisalowemo, chifukwa mwana akameza timawononga m'mimba.

Ena akhoza kunena kuti kholo lingathe kudzipangira lokha, nanga ligulirenji? N'zoona. Komatu mandasi nawo aliyense angathe kukazinga, koma amagulidwa tsiku lililonse. Chomwe kasitomala akulipira ndi ukhondo, kukongola ndi kulimba kwa chivindikiro. N'chifukwa chake poika mtengo wogulitsa awerengere guluu, tepi, sopo ndi nthawi yake, osati botolo lokha. Wotsitsa mtengo posiya guluu akuseweretsa moyo wa mwana, ndipo ngozi imodzi ingaphe malonda a benchi yonse.

Pomupatsa kasitomala botolo, wogulitsa amuuze kuti mwana aziseweretsa pamaso pa wamkulu, ndipo likang'aluka kapena kuyamba kudontha litayidwe. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.