Kodi aphunzitsi a mawa akuphunzila Cingelezi cotani?

Kuyambila mu 2025, ana olowa giledi 1 akuphunzila motsatila ndondomeko yatsopano ya maphunzilo imene Unduna wa Zamaphunzilo unakonza mu 2023. Zambili zasintha. Pulaimale idzathela pa giledi 6, ndipo sekondale yabwelela ku maina a Fomu 1 ndi Fomu 2 amene ena a ife tinakula nawo. Koma cimene cakhudza kwambili mwana wamng'ono n'cakuti cinenelo cophunzitsila tsopano ndi Cingelezi kucokela tsiku loyamba, ndipo zinenelo zathu zatsalila kuthandiza pofotokoza pamene mwana sanamve.

Makolo ambili anakondwela, ndipo tiwamvetsa. Mayeso amalembedwa m'Cingelezi, kalata yofunsila nchito nayonso cimodzimodzi. M'makomboni a Lusaka tidziwa mabanja amene amadzimana ndiwo kuti alipile kasukulu ka pulaiveti, cabe cifukwa mwana amabwelako akupeleka moni m'Cizungu. Koma ndondomeko yolembedwa pa pepala siimilila yokha kutsogolo kwa kalasi. Amene amaimilila ndi mphunzitsi. Conco tiyenela kufunsa za iye: kodi Cingelezi cimene akuphunzila ku yunivesite ndi ku koleji ndico cimene adzafunika pa nchito yake?

Njila iyi tinapitamo kale. Kucokela mu 1966, caka cimene University of Zambia inatsegulidwa, ana anali kuphunzila m'Cingelezi kuyambila giledi 1. Patapita zaka 30, cikalata ca boma ca 1996 cochedwa Educating Our Future cinavomeleza kuti kuyamba kuwelenga m'cinenelo cacilendo kunali kubweza ana m'mbuyo. Mu 2014 tinatembenuka: giledi 1 mpaka 4 inayamba kuphunzitsidwa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, ndipo Cingelezi cinali kutenga malo pa giledi 5. Tsopano tatembenukanso. Pa nthawi zonsezi tinakangana kwambili za cinenelo coyenela, koma za mmene mphunzitsi angakonzekeletsedwe tinakamba pang'ono. Pamene ophunzila athu a zaka 15 anayesedwa pa mayeso a PISA for Development mu 2017, asanu cabe pa 100 alionse ndi amene anafika pa mlingo wocepa wofunika pa kuwelenga. Ana amenewo anali atakhala m'kalasi zaka zambili, akumva Cingelezi tsiku lililonse.

Wacinyamata wofuna uphunzitsi amalowa ku UNZA, ku Kwame Nkrumah University ku Kabwe, ku Chalimbana ku Chongwe, ku Mukuba ku Kitwe kapena ku koleji monga ya ku Chipata ali ndi ciphaso coonetsa kuti anaphasa bwino Cingelezi pa giledi 12. Tisaiwale kuti mayeso amenewo ndi olemba okhaokha. Palibe amene anamumvapo akufotokoza cinthu pakamwa kwa mphindi zisanu. Akafika ku yunivesite, Cingelezi capamwamba cimene amapatsidwa nthawi zambili cimakhala ca kulemba nkhani zazitali, kuchula mabuku amene wawelenga, ndipo kwa amene asankha Cingelezi monga phunzilo lawo, galamala ndi mabuku a olemba ochuka. Zimenezi n'zabwino ndipo sitikufuna kuti zicotsedwe. Koma zimakonzekeletsa munthu kukondweletsa lekichala amene acidziwa kale Cingelezi. Nchito imene akupitako ndi ya kukamba ndi ana amene sacidziwa.

Tiyeni tione zimene zimacitika m'kalasi. Mphunzitsi wa masamu walemba pa bolodi kuti ana apeze "difference" pakati pa 9 ndi 4. Mwana amene anaphunzila kuti liwulo litanthauza kusiyana adzayankha kuti imodzi ndi yaikulu, ina ndi yaing'ono. Sanalakwe kuganiza, koma wapeza zilo. Liwu lakuti "table" kunyumba ndi tebulo, pamene m'buku la sayansi ndi mizele ya manambala. "Volume" iye aidziwila pa wailesi. Mphunzitsi amene sanaphunzitsidwe kuona misampha imeneyi amangobweleza ciganizo cimodzimodzi mokweza mawu, ana n'kuyankha onse pamodzi kuti amva, ndipo phunzilo lipitilila.

Zolakwa zina za ana zili ndi gwelo lodziwika bwino. M'Cinyanja "iye" ndi mwamuna kapena mkazi, ndiye cifukwa cake mwana amasokoneza "he" ndi "she". Kwa ife l ndi r sizisiyanitsa mawu, koma m'Cingelezi "pray" ndi "play" n'zinthu ziwili zotalikilana, ndipo amene tinakhalapo m'mapemphelo a Cizungu tidziwa kuseka kumene kumabuka. Mawu athu amathela pa mavawelo, conco mwana amawonjezela kamawu kumapeto kwa liwu lililonse la Cingelezi, ngakhale polemba. Mphunzitsi wodziwa kumene colakwa cacokela amaciwongola m'mphindi imodzi poyelekezela zinenelo ziwilizo. Wosadziwa amangocita mtanda ndi bolopeni yofiila caka conse, n'kumati ana a kumudzi ndi ouma mitu.

Kwa ife, cimeneci ndico Cingelezi capamwamba ca mphunzitsi: kudziwa kunena cinthu cimodzi m'njila zitatu, kufunsa funso limene mwana sangayankhe ndi "yes" cabe, kuwelenga nthano mokweza moti ana akhale cete, kulemba funso la mayeso limene liyesa masamu osati mawu ovuta. Ena adzati kumeneku n'kutsitsa maphunzilo a digili. Amene anayesapo kufotokozela mwana wa zaka 7 cifukwa cake mvula imagwa, m'cinenelo cimene mwanayo wangocimva miyezi itatu, adziwa kuti kulemba masamba khumi n'kopepukako.

Pali vuto lina limene ndondomeko yatsopano yabweletsa mosachula. Ikulola mphunzitsi kufotokoza m'cinenelo ca ana, koma kucoka m'Cingelezi kupita m'Cinyanja n'kubwelelanso ndi luso lofunika kuliphunzila. Akacita mwacisawawa, ana amangoyembekezela kumasulila ndipo Cingelezi cimawadutsa monga mphepo. Akaopa n'kumamatila Cingelezi cokha, theka la kalasi latsala. Ndipo boma limatumiza mphunzitsi kulikonse. Mtsikana wa ku Mongu angapezeke ku Lundazi, kumene ana amakamba Citumbuka panyumba, mabuku a cinenelo ca m'cigawo ali m'Cinyanja, ndipo iye afunika kuphunzitsa m'Cingelezi. Ku Petauke ndi Cinsenga. Ngakhale mu Lusaka, Cinyanja ca m'tauni n'cosiyana ndi ca m'buku. Tionjezepo kuculuka kwa ana kucokela pamene sukulu zinakhala zaulele mu 2022. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka cimeneco, ndipo tiyamikila, koma makalasi akali odzala, moti m'masukulu ambili mwana angathe mlungu wonse osanenapo ciganizo cimodzi ca Cingelezi payekha.

Cimene tingakonde kuona n'cakuti wophunzila uphunzitsi aliyense, kaya ndi wa masamu, wa sayansi kapena wa zaulimi, aziphunzila Cingelezi ca m'kalasi zaka zonse za maphunzilo ake, osati kosi imodzi ya caka coyamba. Aziyesedwa pakamwa, ataimilila, akufotokoza. Foni imene ali nayo m'thumba ikwanila kujambula phunzilo lake kuti adzimvele yekha pamene anathamanga ndi pamene anasiya ana. Pa nthawi imene apita kukayeselela kuphunzitsa m'sukulu, womuyendela asamangoona ngati mapepala a pulani ali m'faelo, koma amvetsele ngati ana akamba. Teaching Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 ndipo imalembetsa aphunzitsi, ingalimbikitse makoleji pa zimenezi. Ife a mipingo sitingaloze cala boma lokha. Makoleji a David Livingstone ndi Malcolm Moffat ku Serenje anayambitsidwa ndi mipingo, ndipo masukulu athu a mishoni amalandila ophunzila uphunzitsi caka ndi caka. Ambili a inu muli m'makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndipo mungafunse ahedi kuti aphunzitsi a giledi 1 ndi 2 alandila thandizo lotani.

Zimenezi zifuna ndalama ndi malekichala okwanila, cifukwa munthu mmodzi sangamvetsele ophunzila 200 akukamba mmodzimmodzi. Zifunanso nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene yacepa. Digili ya uphunzitsi imatenga zaka zinayi. Ngakhale mayunivesite atasintha kaphunzitsidwe kawo kwa olowa mu 2026, aphunzitsi amenewo adzatuluka ca m'ma 2030, caka cimene ana oyamba a ndondomeko yatsopano adzakhala ali kale mu giledi 6. Ana amenewo adzaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo ambili a iwo anakonzekeletsedwa kuphunzitsa magiledi oyamba m'cinenelo ca kwathu.