CITHUNZI CA PA KHOMA NDI MPHUNZITSI WA ANA ATHU

M'nyumba zambiri za Akatolika, kaya ku Chunga mu Lusaka kaya kumudzi ku Katete, pa khoma pamakhala cithunzi ca Mtima Woyera wa Yesu kapena ca Amai Maria. Mwana amaciona asanadziwe kuwerenga, ndipo cimene waona cimakhazikika mumtima mwace. Kodi cithunzico cimamphunzitsa ciani?

Mu 1563, msonkhano wa maepiskopi ku Trent unagamula kuti zithunzi zikhalebe m'machalichi kuti ziphunzitse anthu, ndi kuti ulemu upite kwa iye wojambulidwayo, osati ku cithunzico. Masiku amenewo amisiri anali kuzokota cithunzi pa mkuwa kapena pa thabwa, napakapo inki, nadinda mapepala ocuruka, kotero kuti ngakhale wosauka anatha kugula.

Mu 1593 ku Antwerp kunaturuka buku la zithunzi 153 za moyo wa Yesu, limene Bambo Jerome Nadal wa cipani ca Ajezuiti analikonza asanamwalire. Litafika ku China, amisiri a kumeneko anazokotanso zina mwa zithunzizo pa matabwa, nasandutsa nyumba, mitengo ndi zobvala kukhala za kwao. Munthu wa ku China anaona Uthenga Wabwino uli pakhomo pace.

Nanga ife? Ansembe anafika ku Kachebere mu 1903 ndi ku Kasisi mu 1905, koma kufikira lero zithunzi zambiri zimene timapacika zimacokera kunja. Nkhope ndi za Azungu, mau ndi a Cingerezi. Mwana angaganize kuti kumwamba kulibe womfanana.

Amisiri tiri nao. Malemu Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, anali katswiri wodinda zithunzi za pa thabwa. Ku Mua m'Malawi, Bambo Claude Boucher anayamba nchito ya Kungoni mu 1976, kumene nkhani za m'Baibulo zimasemedwa ndi nkhope za kwathu kuno. Ku Kabwata osema alipo, ndipo ku Ndola kuli makina a Mission Press.

Ena adzati zakunja n'zochipa. Koma thabwa limodzi lozokotedwa bwino limabala zithunzi mazana. Zakale tisazitaye, ndi colowa ca makolo athu. Koma makomiti a maparishi ndi miphakati, pokonza kalendala kapena zikumbutso za ubatizo, ayambe kufunsa mmisiri wa kwathu, ndipo mau akhale m'Cinyanja. Akulu anati m'mera m'poyamba.