ZA "SPRING" ZANUZO, MUZIFUNSA KAYE MWERA

Anyamata anzanga a kugombe, kuyambira ku Makanjira, Msaka, Chembe, Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, ndikhululukeni lero ndiyankhula mosapsatira. Amene zimupweteke andiyankhe, koma ayambe wawerenga mpaka kumapeto.

Chaka chilichonse ikafika Malichi, mafoni athu amadzaza ndi zithunzi za azibambo a ku London ndi New York atavala zimene akuti ndi zovala za spring. Nsapato zoyera mbee za Nike Air Force 1, Adidas Samba, nsapato zachikopa chofewa chija amati suede, jekete ya jinzi, bomba jekete. Ndiye mnyamata wakhala usiku wonse panyanja kukoka chilimira, walandira gawo lake, m'mawa ali kale pa kaunjika kusakasaka zomwezo. Funso langa ndi limodzi: spring imeneyo inayamba yafikako liti kuno?

Ku Ulaya spring ndi Malichi mpaka Meyi, chisanu chikamatha, kamphepo kali apo, kamvula kowaza. Nthawi yomweyo ife tikutsanzikana ndi dzinja, njira zili matope okhaokha, ndipo kutsogoloku kukubwera mwera wa Juni ndi Julaye. Abale athu a ku Joni spring yawo ndi Seputembala mpaka Novembala. Amatitumizira majekete nthawi imeneyo, ife n'kumavala mu Okutobala ku Mangochi, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, eti kuti anthu adziwe kuti tili ndi m'bale ku Johannesburg. Aise, kumeneko si kutchena. N'kudzizunza.

Ine ntchito yanga ndi kukonza injini za maboti, ndipo chimene ndaphunzira pa Yamaha n'chakuti kachitsulo kalikonse kali ndi ntchito yake. Zovala nazonso ndi chimodzimodzi. Zimene mukuzitamazo sizinayambe ngati fashoni ayi. Zinayamba ngati zida zantchito.

Tengani nsapato ija amati boat shoe, imene chaka chilichonse imalowa m'ndandanda wa spring. Anaipanga ndi Paul Sperry ku America mu 1935, munthu woyenda pamadzi ngati ife, atatopa ndi kuterereka m'boti. Anaona galu wake akuthamanga pa madzi oundana osagwa, n'kuyang'ana mapazi ake, kenako anachekacheka timizere kunsi kwa labala. Timizere timeneto ndi timene timathamangitsa madzi kuti phazi ligwire. Crocs imene mumaseka nayo anzanu kuti ndi ya agogo, anayamba kuigulitsa mu 2002 pachionetsero cha maboti ku Fort Lauderdale. Majekete a Barbour, amene lero amavala olemera a ku England, anayamba mu 1894 ku doko la South Shields, ndipo ogula ake oyamba anali asodzi ndi amalinyero ofuna kudziteteza ku mvula. Bomba jekete ya MA-1 inali ya oyendetsa ndege zankhondo za America, ndipo m'kati mwake anaikamo nsalu ya olenji kuti ndege ikagwa munthu aitembenuze, omufunafuna amuone patali.

Mwaona? Azungu anatenga zovala za asodzi n'kuzisandutsa fashoni. Ife ana a asodzi enieni tikuchita manyazi ndi zovala zantchito yathu, n'kumathamangira zimene sizingapirire tsiku limodzi pagombe.

Ndimaziona ndi maso angawa. Mnyamata amabwera kudzatenga injini atavala nsapato yoyera. Petulo wosakaniza ndi oyilo akangodonthera kamodzi, basi, ngakhale uchape ndi sopo wamtundu wanji siibwereranso. Suede ikaponda madzi imauma gwa ngati chikopa cha mbuzi choyanika. Zambiri zimene timagula pamsika ndi zongofanizira, kunsi kwake pulasitiki wosalala, ndiye uponde nazo thabwa lonyowa lomwe lili ndi mamba a usipa, uona nyenyezi masana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma izi n'zazing'ono. Chimene chandilembetsa uthengawu ndi jekete ya jinzi panyanja. Jinzi ndi thonje lokhuthala. Ikanyowa imamwa madzi, imalemera, siuma msanga, ndipo mwera ukamawomba usiku imakuziziritsa kuposa kukhala wopanda malaya. Boti likagudubuka, manja a jekete yonyowayo amakumanga, kuivula uli m'madzi ndi nkhondo. Onjezani jombo zomanga zingwe mpaka m'mwendo. Tonsefe timadziwa kusambira, koma palibe katswiri wosambira atavala katundu wotero pakati pa mafunde, mumdima. Ndi maliro angati tayenda pagombe lino, anthu tikungoti inali nthawi yake?

Tsono ndifunse: ndani mwa ife ali ndi life jacket yakeyake? Tili ndi majekete atatu atatu opachika pamsomali, koma jekete imodzi yokhayo imene ingatibweze kwa amayi athu tilibe. Tikuti ndi yodula. Nanga Air Force inali yaulere? Ena amati kuvala life jacket ndi mantha, kapena kudziitanira tsoka. Bodza. Woyendetsa ndege wa nsalu ya olenji uja sanali wamantha. Ankafuna kukafika kwawo.

Ndikudziwa ena muti, iwe makaniko, tizingoyenda ngati tikupita kokoka ukonde masiku onse? Ayi. Kutchena si tchimo. Mnyamata amene wagwira ntchito ayenera kuoneka bwino Lamlungu, paukwati, ngakhale pokaona chibwenzi. Inenso ndili nayo nsapato yanga yoyendera. Chimene ndikukana ndi kulola munthu wa ku London, amene sanaonepo mwera, kutiuza chogula ndi mwezi wogulira. Chikhalireni kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo la kaunjika linakwera, mafuta a injini anakwera. Ndalama ya usipa imabwera mdima ukakhala bwino, mwezi ukawala kulibe, mwera ukakula maboti ali pamtunda. Ndalama yotere si yogulira chinthu chovala kawiri n'kutaya.

Langizo langa ndi ili. Choyamba life jacket, ngakhale musonkherane awiri awiri kapena mumuumirize mwini chilimira agule za alovi ake onse, kuyambira siginala. Chachiwiri jekete yopepuka ya nayiloni yotchinga mphepo ndi madzi, youma msanga, yamtundu wowala, yofiira kapena yachikasu, osati yakuda. Pa kaunjika zilipo mbwee, anthu amazidumpha. Chachitatu nsapato ya labala yokhala ndi timizere kunsi, yosavuta kuvula. Itembenuzeni muone kunsi musanaone dzina. Zikatsala ndalama, gulani nsapato imodzi yabwino yamtundu wosachedwa kuda, muisunge m'nyumba, muzivala kumtunda.

Wina akakusekani kuti mwavala za agogo, mufunseni ngati Samba yake imayandama.

Mwera uli pafupi, abale. Tumizani uthengawu m'magulu onse a kugombe, makamaka kwa achimwene aja angolandira gawo lawo lero.