MUYESO WA ASILIKALI OYEMBEKEZELA KUITANIDWA

Mlimi wanzelu sakhulupilila nkhokwe cifukwa ca kukula kwake. Amakwela ndi kusuzumilamo kuti aone ngati anankafumbwe sanamalize cimanga. Dziko nalonso liyenela kucita cimodzimodzi ndi anthu amene linawaphunzitsa usilikali ndi kuwabweza kumidzi kuti akaitanidwe pa tsiku la nkhondo.

Gulu la Zambia National Service linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1971. Kuyambila mu 1975, anyamata ndi atsikana otsiliza Fomu 5 anali kukakamizidwa kulowa m'misasa kwa miyezi 20, kumene anali kuphunzila kugwila mfuti ndi khasu lomwe. Lamulo lokakamizali linatha kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, matenda a typhoid atabuka m'misasa ina.

Ciyeso ceniceni cinafika nkhondo ya ku Rhodesia itakula. Adani anaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi mu Okutobala 1978, ndipo mu 1979 anaphwanya milatho, kuphatikizapo wa pa mtsinje wa Chambeshi. Mu Novembala caka comweco, Dr Kenneth Kaunda, amene anali Mtsogoleli wa dziko, analamula kuti ophunzitsidwa aja abwelele ku nchito ya usilikali.

Pa tsiku lotelo, maina olembedwa m'kaundula sateteza mlatho. Paja akulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cotelo mafunso oyesela gulu lotele ndi anai. Kodi mwa anthu 100 oitanidwa, ofika ndi angati? Afika patapita masiku angati? Kodi akali kukumbukila zimene anaphunzila, kapena ayenela kuyambanso? Nanga Boma laononga ndalama zingati pa munthu mmodzi, poyelekeza ndi msilikali wa nthawi zonse?

Palinso funso lacisanu limene makolo sangaliiwale: kodi ana amene analowa mumsasa atulukamo amoyo ndi athanzi? Msasa wopanda madzi abwino walephela kale, ngakhale ophunzila ake agube mokongola motani.

Masiku ano gululi lidziwika kwambili ndi ulimi ndi kukonza miseu. Matumba a cimanga ndi makilomita a mseu n'zosavuta kuwelenga. Koma kukonzekela nkhondo sikuoneka ndi maso pa nthawi ya mtendele. Kumadziwika pokhapokha ophunzitsidwa akamaitanidwa kawilikawili ndi kuyesedwa. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene amavomeleza ndalama za citetezo caka ciliconse, ndiwo ayenela kufunsa mafunso amenewa m'malo mwa anthu amene anawasankha.